Kwa amene akufufuza Mngelezi woyambirira ku America: yambani ndi Stephen Hopkins

Bambo, mwafunsa kuti pakati pa Angelezi oyambirira amene anakakhazikika ku America, ndi uti amene mungafufuze moyo wake ndi makolo ake pogwiritsa ntchito umboni wodalirika. Ine ndikukulangizani kuti mutenge Stephen Hopkins, mmodzi mwa anthu 102 amene anakwera sitima ya Mayflower mu 1620 pa ulendo umene unakayambitsa mudzi wa Plymouth ku America, chifukwa mbiri yake ndi yolemera, komanso ikuonetsa poyera mmene bodza limalowera m'ndandanda wa makolo.

Kwa zaka zambiri anthu ankalemba kuti Hopkins anabadwira ku Gloucestershire ndipo anakwatira mkazi wotchedwa Constance Dudley, ndipo mpaka lero masamba ambiri a pa intaneti akungokopera zimenezi. Musazikhulupirire. Mu 1998 wofufuza Caleb Johnson anaonetsa kuti ana ake Elizabeth, Constance ndi Giles anabatizidwira ku Hursley, m'chigawo cha Hampshire, ndiponso kuti mkazi wake woyamba anali Mary, amene anaikidwa m'manda komweko mu 1613. Pambuyo pake ubatizo wa Hopkins mwiniyo unapezeka m'kaundula wa tchalitchi cha Upper Clatford, m'chaka cha 1581, bambo ake ali John Hopkins ndipo mayi ake ali Elizabeth Williams. Choncho yambirani pa makaundula a matchalitchi a Hampshire, ndipo dzina lililonse limene lilibe ubatizo, ukwati kapena maliro olembedwa, lisiyeni kaye pambali.

Samalaninso ndi madeti. Ku England chaka chinkayamba pa 25 March kufikira 1752, kotero ubatizo wa Giles, umene unachitika mu January, mudzaupeza utalembedwa kuti 1607/8, kutanthauza 1607 pa kawerengedwe kakale ndi 1608 pa kawerengedwe ka lero, ndipo musasokonezeke poganiza kuti akunena za ana awiri.

Za moyo wake, werengani zimene analemba William Strachey zokhudza sitima ya Sea Venture, imene iye ndi Hopkins anakwera popita ku Jamestown, mudzi wa Angelezi ku Virginia, koma inasweka pa zilumba za Bermuda mu 1609. Kumeneko Hopkins anauza anzake kuti ulamuliro wa bwanamkubwa amene ankawatsogolera unatha pamene sitima inasweka, mawu amene anachititsa kuti aweruzidwe kuphedwa, koma atalira ndi kuchonderera chifukwa cha mkazi ndi ana ake, anamukhululukira ndipo anakafika ku Jamestown mu 1610. Za Plymouth, onani ndandanda wa okwera Mayflower umene analemba William Bradford, bwanamkubwa wa Plymouth, mmene muli mkazi wake wachiwiri Elizabeth ndi mwana Oceanus amene anabadwira panyanja.

Ndikupempheni ndithu kuti musalembe ngati kuti Angeleziwa anapeza dziko lopanda eni. Plymouth anaimanga pa mudzi wa Patuxet, umene anthu ake anali atangotha ndi mliri wa pakati pa 1616 ndi 1619, ndipo mu 1621 Samoset, mmodzi mwa eni dziko la America, anagona m'nyumba ya Hopkins, ndipo pambuyo pake m'chaka chomwecho Hopkinsyo anatumidwa pamodzi ndi Edward Winslow kwa Massasoit, mtsogoleri wa anthu a Wampanoag.

Pomaliza funani wilo yake ya mu 1644, chaka chimene anamwalira. Mmenemo anagawira ana ake aakazi ng'ombe pozitchula maina imodzi ndi imodzi, ndipo idzakuthandizani kudziwa ana amene anali adakali moyo pa nthawiyo.