Kukonza zithunzi za nyanja pafoni: kodi muli ntchito m'menemo?

Mtsikana wa ku Senga Bay amene wangolemba MSCE wafunsa kuti: "Ndikajambula dzuwa likutuluka panyanja, kumwamba kumangoyera mbuu, mabwato n'kuda bii. Ndingazikonze bwanji kuti zikhale zokopa? Bambo akuti ndikutaya nthawi."

Achemwali, vuto layambira pojambula pomwepo. Ku Salima ndi ku Nkhotakota dzuwa limatulukira kunyanja, ndiye m'mawa kamera imayang'anizana ndi kuwala kwamphamvu. Diso limaona kowala ndi kwamdima nthawi imodzi, koma foni siitha. Musanajambule, gogodani pamalo owala kwambiri pasikirini, muchepetseko kuwala. Mbali yakuda imatheka kuiwalitsa pambuyo pake, koma thambo loti layera mbuu silibwereranso. Ngati foni ili ndi RAW (njira yosungira chithunzi osachifinya, kuti chikonzeke bwino), iyatseni.

Pokonza, pulogalamu ya pafoni ya Snapseed ndi yaulere ndipo imakwanira. Yambani ndi Rotate kuwongola mzere umene nyanja yakumana ndi thambo. Ukapendekeka, madzi amaoneka ngati akukhuthukira mbali imodzi. Kenako mu Tune Image tsitsani Highlights (mbali zowala) kufika cha pa -50 kuti mitambo ioneke, mukweze Shadows (mbali zamdima) cha pa +25. Mukapyoza apa, mumdima muja mumatuluka timadontho tonga mchenga. Saturation, yokoleza mitundu, ndi imene imapusitsa ambiri. Isapitirire +15, apo ayi nyanja imasanduka buluu wa penti ya sitolo ndipo mchenga umafiira ngati njerwa. Structure, yoonetsa bwino tinthu ting'onoting'ono, nayo ikachuluka imasiya mzere woyera m'mphepete mwa mapiri ndi mitengo, ndipo wodziwa amauona msanga.

Chimene chimapatsa chithunzi mphamvu kwenikweni ndi kukonza mbali imodzi n'kusiya ina. Ndi Selective kapena Brush, detsani pang'ono thambo lokha, muwalitse bwato kapena msodzi amene akukoka khoka, kuti diso lidziwe pofikira. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri; Dehaze, yochotsa chifunga, ya mu pulogalamu ina yotchedwa Lightroom imathandizako, koma pang'ono chabe, chifukwa imadetsa madzi. Mukamaliza, ikani foni pansi mphindi khumi muyang'anenso, pamthunzi osati padzuwa. Sungani chithunzi choyambacho, ndipo pa WhatsApp tumizani ngati Document kuti chisafinyidwe.

Tsopano kwa inu bambo. Luso limeneli lili ndi ogula: malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, otsogolera alendo ku malo osungira nyama a Kuti ndi ku nkhalango ya Nkhotakota, mabungwe ofuna zithunzi za malipoti. Koma zithunzi za malo pazokha sizidyetsa munthu mwezi ndi mwezi; ojambula ambiri ndalama amazipeza pa maukwati ndi zinkhoswe. Mwanayu asasiye kufunsira malo a sukulu. Utolankhani ku yunivesite ya MUBAS kapena ku Malawi Institute of Journalism ungagwirizane ndi zimene akuchitazi, ndipo kumeneko akamva kuti pachithunzi cha nkhani sachotsapo kapena kuwonjezerapo kanthu. Ngakhale mwini loji safuna thambo lobwereka kwina, poti mlendo akafika n'kupeza zosiyana, amadandaula.

Pakadali pano, achemwali, sankhani zithunzi 15 zokha, za malo ndi nthawi zosiyana, mukaonetse eni maloji awiri kapena atatu. Mtengo ndi kumene chithunzicho akachigwiritse ntchito mugwirizane polemba musanapereke.