Musachotse thukuta mu filimu ya kumudzi

Wowerenga wina wanditumizira imelo yaifupi. Akuti amakonda mafilimu a zochitika zenizeni, aja oonetsa mabanja a kumidzi amene amadya za m'munda mwawo ndi kukhala pafupi ndi nkhalango, ndipo tsopano akufuna kujambula yakeyake. Banja walipeza kale. Funso lake ndi loti agule kamera yanji kuti filimuyo ituluke yokongola ndi yabata ngati amene amaonera pa YouTube.

Mawu oti "yabata" ndi amene andikhudza, ndiye mundilole ndiyambire pamenepo. Bata limene mumaliona lija nthawi zambiri si la mudziwo, ndi la munthu amene anadula filimuyo pa kompyuta. Mayi akapita kukatunga madzi, timaonetsedwa masekondi 8 a nkhungu ya m'mamawa ndi ndowa, kenako madzi afika kale pakhomo. Ola lathunthu la ulendowo, msana wopweteka, mwana amene akulira kumbuyo, zonse zadulidwa. Pamwamba pake athirapo kanyimbo kofewa, ndipo woonera wa m'tauni amausa moyo n'kumati anthuwa ali pabwino. Sanaone kutalika kwa chipatala, sanaone chaka chimene mvula inadula mbewu zisanakhwime.

Vutoli ndi lakalekale. Mu 1922 Robert Flaherty anatulutsa Nanook of the North, filimu ya banja la anthu a mtundu wa Inuit kumpoto kwa Quebec ku Canada, imene ambiri amaitenga ngati chiyambi cha mafilimu otere. Bambo wa m'filimumo, wotchedwa Nanook, dzina lake lenileni anali Allakariallak, mkazi amene anaonetsedwa ngati wake sanali wake, ndipo alenjewo anajambulidwa akusaka ndi mikondo pomwe mfuti anali atazidziwa kale. Nyumba ya chipale imene timaona mkati mwake inamangidwa mwapadera, mbali imodzi ili yotsegula kuti kuwala kukwanire kamera. Patha zaka zoposa 100 koma chizolowezi sichinathe: wojambula amafika, n'kupempha kuti foni ibisidwe, beseni la pulasitiki lichotsedwe, sola ya padenga isaoneke. Ine ndimati limeneli ndi bodza, ngakhale likongole chotani. Ngati banjalo lili ndi foni, foniyo ndi mbali ya moyo wawo, ndipo mmene amavutikira kuitchaja mwina ndi nkhani yokoma kuposa kulowa kwa dzuwa.

Yerekezani ndi Honeyland ya 2019, imene Tamara Kotevska ndi Ljubomir Stefanov anajambula ku North Macedonia. Anatsata mayi wofula uchi wa njuchi zam'tchire kwa zaka zitatu, n'kusonkhanitsa maola oposa 400 kuti atulutse filimu ya pafupifupi ola limodzi ndi theka. Mtima wa nkhaniyo, banja loweta ng'ombe limene linadzakhala pafupi n'kuyamba nalonso kuweta njuchi mwadyera, sanaukonze iwo. Unawapeza chifukwa anali pomwepo. Chimene mukusowa kwambiri ndi nthawi, osati kamera. Munthu amene wapita Loweruka limodzi amabwerako ndi zithunzi za anthu omwetulira mlendo. Amene wakhala kuyambira kubzala mpaka kukolola amabwerako ndi nkhani.

Pali nkhani inanso imene simunafunse koma sindingaidumphe, ya chilolezo. Kugwedeza mutu kwa bambo wa pakhomo sikukwanira. Mufotokozere aliyense payekha, m'chinenero chawo, kumene filimuyo ikaonetsedwe, ndi kuti ikangolowa pa intaneti kuibweza n'kovuta. Jambulani kuvomera kwawoko pa kamera ngati kulemba kukuvuta. Za ana, avomereze ndi makolo, koma mwana akakana musiyeni. Mugwirizane poyambirira zimene simudzajambula, monga matenda, maliro kapena mkangano wa m'banja, ndiponso zimene adzapeze filimuyo ikabweretsa ndalama. Musanaitulutse, kaonetseni kwa eni akewo, ndipo akati chakuti chichoke, chichoke.

Tsopano za zipangizo

Foni yabwino kapena kamera yaing'ono imene muli nayo kale ikwanira. Ndalama zanu zipite ku mawu, chifukwa woonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma sapirira mawu osamveka. Gulani maikolofoni yaing'ono yokoleka pamalaya, muiike masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, ndipo panja muiveke kachipewa kaubweya kotchinga mphepo. Kasiponji ka pa maikolofoni pakokha sikathandiza mphepo ikalimba. Pa zosankha za chojambulira mawu ikani 48 kHz, mawu akamakwera azifika cha pa -12 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu, ndipo mahedifoni asachoke m'makutu, apo ayi mudzazindikira muli kunyumba kuti malaya ankakhuza maikolofoni tsiku lonse. Ngati mawu mukujambulira pa chipangizo china, ombani m'manja kamodzi pamaso pa kamera poyamba, kuti podula mudzalumikize mosavuta. Pamalo aliwonse pemphani anthu akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo lokha. Ndi limene mudzatsekere mipata, ndipo likakhala labwino nyimbo simudzaifunanso.

Pa chithunzi, ikani mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi ndi shata, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse, ya 1/50 ya sekondi. Masana dzuwa likaswa mtengo chithunzi chidzawala mopitirira, ndiye mufunika fyuluta ya ND, kagalasi kochepetsa kuwala, patsogolo pa lenzi. Ikani nokha mlingo wa kuwala ndi mtundu kuti kamera isamasinthe yokha, chifukwa munthu akangodutsa pakhomo chithunzi chonse chimadumpha. M'nyumba yamdima musayatse nyali yaikulu. Mukhazikeni munthuyo cham'mbali mwa khomo kapena zenera, kuwala kumumenye mbali imodzi ya nkhope. Pafupi ndi moto wa nkhuni utsi umapaka lenzi mwakachetechete, muziipukuta ndi kansalu kofewa pafupipafupi.

Manja amanyenga, mumaganiza kuti mwagwira nthawi yaitali pomwe ndi masekondi atatu okha. Werengani mpaka 10 mumtima musanasunthe, ndipo ntchito iliyonse muijambule patali, chapakati, ndi pafupi penipeni pa manja. Ntchito imodzi yolemetsa, kaya kuwaza nkhuni kapena kupalira, muisiye iyende mphindi zingapo osadula, woonera amve kulemera kwake.

Magetsi ndi malo osungira ndi zimene zimagwetsa ambiri. Kujambula 4K (chithunzi chakuthwa kwambiri) pa 100 Mbps (kuchuluka kwa deta pa sekondi) kumadya pafupifupi 45 GB pa ola, pomwe 1080p (chocheperako) pa 25 Mbps imadya cha m'ma 11 GB, ndipo pa filimu yoyamba 1080p ikwanira. Tengani mabatire osachepera atatu, pawabanki ya 20,000 mAh ndi sola yopinda. Madzulo aliwonse koperani zonse pa ma hard drive awiri, imodzi isagone m'chikwama chimodzi ndi inzake, ndipo musafufute khadi losungira zojambula musanatsegule mafailo n'kuona kuti akusewera. Lembani m'kope tsiku, malo, amene walankhula ndi zimene wanena, chifukwa ikatha miyezi isanu ndi umodzi simudzakumbuka kuti tsiku limene ng'ombe inabereka lili mu failo iti.

Ulendo woyamba kamera itsale m'chikwama masiku awiri. Dzukani nthawi imene iwo amadzuka, gwirani nawo ntchito, muone kumene dzuwa limagwera pakhomopo nthawi iliyonse, kenako muitulutse.