Kodi FM idzatha kuno ku Dedza?

Achimwene, mwafunsa ngati anthu kuno ku Dedza adzasiya FM n'kuyamba kumvera wailesi ya digito. Ine ndikuona kuti si lero kapena mawa.

Vuto lagona pa wailesi yomverayo. FM imaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, pomwe DAB+, yomwe ndi njira youlutsira wailesi ya digito, ili pa 174 mpaka 240 MHz. Ndiye kawailesi ka mabatire kamene agogo amakoleka pamtengo akamapalira kachewere ku Bembeke sikangagwire DAB+, ngakhale atasolola eriyo mpaka kumapeto. Agule kena? Imeneyo ndi ndalama ya feteleza. Nayo foni ya mabatani, mukangolowetsa mahedifoni, Zodiak ndi MBC zayamba kale kumveka, osadya bandulo.

Ubwino wa wailesi ya digito ulipo ndithu: mawailesi ambiri amakwera pa transmitter (makina oulutsira mawu) imodzi, ndipo mawu amatuluka oyera. Koma kuseri kwa phiri, komwe FM imakanda koma uthenga wa maliro n'kumamvekabe, ya digito imangoti zii.

Dziko la Norway linazimitsa FM ya mawailesi akuluakulu mu 2017, koma kumeneko magetsi ndi ndalama si nkhani. Kwathu kuno achinyamata ndi amene adzayambe kusiya FM, ndipo adzadzera pa intaneti ya pafoni, bandulo ikadzatsika mtengo.