Masiku atatu ku Innsbruck pamodzi ndi mayi: muyambire kuphiri

Achemwali, mwafunsa kuti inu ndi mayi anu, amene abwera kudzakuchezerani ku Munich, mungakaone chiyani ku Innsbruck m'masiku atatu a mwezi wa Ogasiti, poti nonse simunayambe mwatsetserekapo pa chipale chofewa ndiponso mayiwo mawondo amawavuta. Mwasankha malo abwino, chifukwa sitima yochokera ku Munich imatenga maola pafupifupi awiri okha, ndipo viza ya Schengen imene mayi analowera ku Germany imagwiranso ntchito ku Austria. Za chipalezo musade nazo nkhawa, pakuti m'mwezi umenewo anthu amapita kumeneko kukayenda pansi m'mapiri.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musagawe masikuwo muli kunyumba, kunena kuti loyamba la m'tauni, lachiwiri la kuphiri. Mukafika muziyang'ana kumwamba, ndipo m'mawa woyamba umene kwacha bwino mukwere phiri osazengereza. M'nyengo yotentha mitambo imakonda kusonkhana chakumasana, kenako mabingu ndi mphezi zimayamba, ndipo munthu amene walipira tikiti yodula n'kukapeza nkhungu yokhayokha pamwamba amabwera ali wokhumudwa. Matchalitchi ndi nyumba zachifumu zidzakudikirani ngakhale kukugwa mvula.

Phiri loyambira ndi Nordkette, limene laima ngati khoma kumpoto kwa tauniyo. Mumakwera kasitima pa siteshoni ya Congress, pafupi ndi nyumba yachifumu ya Hofburg, n'kukatsika pa Hungerburg, mamita 860 kuchokera pa nyanja yamchere. Kasitimako kanayamba kuyenda mu 2007 ndipo masiteshoni ake, okhala ndi madenga okhotakhota, anawajambula ndi Zaha Hadid, katswiri wa mapulani a nyumba. Kuchokera pamenepo mumalowa m'ngolo zoyenda pa chingwe mpaka pa Seegrube, mamita 1,905, kenako ngolo ina mpaka pa Hafelekar, mamita 2,256. Tauniyo ili pa mamita 574, kutanthauza kuti ola lisanathe mumakhala mutakwera mamita pafupifupi 1,700. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, ya mamita 3,002, ndi yaitali kuposa pamenepa, koma wopita ku Sapitwa amachita kukonzekera, pomwe ku Innsbruck munthu amatha kufika pamwamba atavala malaya ndi nsapato zomwe amamwera nazo tiyi m'tauni. Choncho mutenge majuzi, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, nsapato zogwira pansi, ndi mafuta oteteza khungu, chifukwa dzuwa la pamwambapo limawotcha ngakhale kukuzizira.

Mayi angathe kukhala pa Seegrube, pamene pali malo odyera, n'kumaona mtsinje wa Inn ndi chigwa chonse chili pansi pawo. Inuyo mukafika pa Hafelekar muyende mphindi 15 kapena 20 kukafika pansonga penipeni, pa mamita 2,334. Mbali imodzi mudzaona tauni, mbali inayo mapiri a Karwendel, a miyala yotuwa, opanda nyumba kapena msewu. Njira ya Goetheweg imene imachokera pamenepo kupita ku Pfeishütte, nyumba ya alendo ya m'phiri, ndi yokongola, koma ndi yopapatiza ndipo m'malo ena ili m'mphepete mwa phompho, motero si ya mayi. Musunge m'foni nambala 140 ya opulumutsa anthu m'mapiri ku Austria, komanso 112.

Ulendo wapansi umene ndikuganiza kuti mungayende awiriwiri ndi wa Zirbenweg, kumwera kwa tauni. Basi ya J imakusiyani pa tsinde la phiri la Patscherkofel, limene Franz Klammer, katswiri wotsetsereka pa chipale wa ku Austria, anapambanirapo mendulo ya golide pa masewera a Olimpiki a mu 1976, ndipo ngolo ya pa chingwe imakukwezani kufupi ndi mamita 2,000. Njirayo ndi ya makilomita pafupifupi 7 kukafika ku Tulfeinalm, yopanda zitunda zambiri, ndipo imadutsa m'nkhalango ya mitengo ya paini yakalekale ya fungo lokoma. Ngati mawondo a mayi ayamba kudandaula, palibe chokukakamizani kuimaliza; muyende gawo loyamba lokha n'kubwerera. M'timalo todyera ta m'phirimo mulawe Tiroler Gröstl, yomwe ndi mbatatesi yokazinga pamodzi ndi nyama ndi dzira pamwamba, ndipo mukhale ndi ndalama m'manja popeza si ponse pamene amalandira khadi.

Pali chinthu china chimene ife okulira pakati pa ziweto tingachipepuse. M'mapirimo ng'ombe zimadya momasuka, zina zili ndi ana, ndipo si zozolowera kuthamangitsidwa ndi kamtengo. Mu 2014 mayi wina wa ku Germany, amene ankayenda ndi galu, anaphedwa ndi ng'ombe m'chigwa cha Pinnistal, kufupi ndi Innsbruck komweko. Muzizilambalala patali, musakhudze ana ake, ndipo mukadutsa pa geti muzitsekanso.

Za m'tauni zimakwana tsiku limodzi. Aliyense amajambulitsa pa Goldenes Dachl, kadenga kamene kanamalizidwa mu 1500 m'nthawi ya mfumu Maximilian I, kofoleredwa ndi timapale ta mkuwa 2,657 topakidwa golide. Mphindi khumi zikukwanirani pamenepo. Nthawi yanu yambiri muipereke ku tchalitchi cha Hofkirche. M'kati mwake muli manda aakulu a Maximilian, ozunguliridwa ndi ziboliboli 28 zakuda za mkuwa, zazitali kuposa munthu, za makolo ake ndi mafumu ena amene iye ankawasirira. Komatu mandawo ndi opanda mtembo, chifukwa mfumuyo itamwalira mu 1519 inaikidwa ku Wiener Neustadt. Amene anagonadi m'tchalitchimo ndi Andreas Hofer, mwini nyumba ya alendo amene mu 1809 anatsogolera alimi a ku Tyrol, dera limene kuli Innsbruck, polimbana ndi asilikali a ku Bavaria ndi a Napoleon, n'kuwomberedwa ku Mantua, ku Italy, mu 1810. Mukamvetsa nkhani ya munthu ameneyu mudzamvetsanso chifukwa chake anthu a ku Tyrol amanyadira kwambiri dera lawo.

Nkhondo zakezo zinamenyedwa pa kaphiri ka Bergisel, pamene lero pali nyumba ya Tirol Panorama yosungiramo chithunzi chachikulu cha nkhondoyo chozungulira chipinda chonse, komanso nsanja yodumphirapo ochita masewera a pa chipale, imene Zaha Hadid yemweyo anajambula ndipo inamalizidwa mu 2002. Pali chikepe chokwezera alendo pamwamba, choncho mayi sadzavutika ndi masitepe. Nsanja ya Stadtturm ya m'tauni, ya masitepe oposa 130, muwapumitse.

Tsiku lachitatu musankhe pakati pa nyumba yachifumu ya Ambras, momwe Ferdinand II, wolamulira wa Tyrol, anasonkhanitsamo zida zankhondo ndi zinthu zachilendo m'zaka za m'ma 1500, ndi tauni yaing'ono ya Hall in Tirol, imene inalemera ndi mchere ndipo mu 1486 inasula ndalama yaikulu yasiliva yomwe inatsegula njira ya ndalama zotchedwa thaler. Ine ndingasankhe Hall, chifukwa ndi mphindi zochepa pa sitima, misewu yake yakale ilibe piringupiringu, ndipo mayi adzayenda mwa mtendere. Musanagule matikiti amodziamodzi, muwerengetse mtengo wa Innsbruck Card ya maola 48 kapena 72, imene imaphatikiza mabasi, malo ambiri osungiramo zinthu zakale ndi ulendo umodzi wokwera ndi kutsika Nordkette. Ngati limodzi la masikuwo ndi Lamlungu, zakudya ndi mphatso za kumudzi mugulirethu Loweruka, chifukwa masitolo ambiri ku Austria satsegula tsiku limenelo.