Amuna anga anathawa nkhondo kalekale, n'chifukwa chiyani akuvutika maganizo lero?

Mayi wina wa ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, wanditumizira imelo. Iye ndi Mmalawi, ndipo amuna ake anathawa nkhondo ku Bukavu, kum'mawa kwa DR Congo, zaka zoposa 10 zapitazo. Akuti chiyambire February 2025, pamene gulu la zigawenga la M23 linalanda mzinda wa Bukavu ndipo mavidiyo a kumeneko anayamba kufika pa WhatsApp, bamboyo amadzidzimuka usiku akukuwa, sachedwa kupsa mtima, akumwa mowa kwambiri ndipo amanjenjemera akamva kuphulika kulikonse. Achibale akuti walodzedwa. Mayiyo akufunsa ngati imeneyi ndi misala, komanso chifukwa chake yabwera lero.

Mayi, woyenera kutsimikizira matenda ndi dokotala amene waonana ndi wodwalayo, koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi PTSD, vuto limene limagwira munthu amene anaona kapena kuchitiridwa zoopsa. Si misala, ndipo si ufiti. Munthu akakhala pangozi, thupi limatulutsa mahomoni omuthandiza kuthawa kapena kulimbana, ndipo ngozi ikatha limayenera kukhazikika. Kwa wodwala PTSD, ubongo umapitirizabe kuchita ngati ngoziyo ilipo, moti phokoso, fungo la utsi kapena chithunzi cha pafoni zimamubwezera pamalo paja ngati zikuchitika tsopano. Madokotala amaganizira za matendawa zizindikiro zikapitirira mwezi umodzi. Kafukufuku wa mu 2019 wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse okhala kumadera a nkhondo ali ndi vuto la maganizo, choncho amuna anu sali okha.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna tikhalepo. Bala la mumtima limapola munthu akamva kuti wafika potetezeka, ndipo Joni sapereka mtendere umenewo kwa mlendo. Mu May 2008 ziwawa zimene zinayambira ku Alexandra zinapha anthu 62, ndipo mu September 2019 mashopu a alendo anaotchedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, pafupi ndi kwanuko. Wopempha malo a chitetezo amayenda ndi pepala la Section 22, lomulola kukhala m'dzikoli podikira chigamulo cha boma, limene amaliwonjezera masiku mobwerezabwereza, nthawi zina kwa zaka zambiri osamva chigamulo. Munthu wotere amadzilimbitsa chifukwa cha lendi ndi ana, osati chifukwa wachira. Nkhani za ku Bukavu zangotukula chimene chinali chokwiririka.

Mapemphero sindikuwatsutsa, ndipo mpingo umene umayendera munthu ndi kumumvetsera ndi thandizo lalikulu. Koma kumuzungulira usiku wonse mokuwa kuti chiwanda chituluke kungawonjezere mantha ake, ndiponso kumamuchititsa manyazi. Musamukakamize kufotokoza zimene anaona. Mugwirizane naye modekha kuti achepetse kuonera mavidiyo aja, makamaka usiku. Mowa umagonetsa msanga koma umasokoneza tulo, ndipo maloto oipa amachuluka.

PTSD imachizika. Njira zimene WHO imavomereza ndi uphungu wolunjika pa zoopsazo, wotchedwa CBT, komanso EMDR, njira imene wodwala amakumbukira zoopsazo uku akuyendetsa maso motsogoleredwa ndi katswiri, ndipo dokotala angawonjezere mankhwala monga fluoxetine. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam sachiza vutoli ndipo munthu amawazolowera, choncho musagule a mumsewu. Bungwe la CSVR ku Braamfontein lakhala likupereka uphungu kwa othawa kwawo ndi ozunzidwa, ndipo SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, imathandiza pafoni. Kukiliniki ya boma angakutumizeni kwa katswiri. Ngati bambo akumasuka bwino m'Chiswahili kapena m'Chifalansa, pemphani womasulira amene ndi munthu wamkulu. Mwana wanu asamasulire nkhani zoterezi.

Akayamba kulankhula zodzipha, kapena mukaona kuti inu ndi ana muli pangozi, musadikire tsiku la uphungu. Pitani nawo kuchipatala monga Charlotte Maxeke kapena Helen Joseph tsiku lomwelo. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati palibe munthu woyenera kukanizidwa chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo lamulolo silisankha nzika kapena mlendo.