Ndinatchula dzina la achimwene anga pa rodibuloko, kodi ndili pa mlandu wanji?

Mnyamata wina wa ku Blantyre watilembera imelo iyi: "Apolisi a pamsewu anandiimitsa pa Zalewa ndikuyendetsa galimoto ya akulu anga. Ine laisensi ndilibe. Ndi mantha ndinatchula dzina lawo, n'kunena kuti laisensi ndaiwala kunyumba. Analemba dzinalo n'kundiuza kuti ndikaionetse kupolisi. Kodi ndingamangidwe? Nanga akuluwo atapita okha ndi laisensi yawo, nkhaniyi siingathere pomwepo?"

Achimwene, tiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndilo latidetsa nkhawa. Akulu anuwo asapite. Wapolisi amene anakuimitsani anaona nkhope yanu pawindo, ndipo laisensi ili ndi chithunzi cha mwini wake. Akakanena kuti ankayendetsa ndi iwo, bodza limene linali lanu nokha likhala la anthu awiri. Komanso ngati anakupatsani makiyi akudziwa kuti mulibe laisensi, umenewo ndi mlandu kale pa malamulo a pamsewu. Musawasenzetse wachiwiri.

Tsopano za inu. Kuyendetsa galimoto popanda laisensi ndi kuphwanya Road Traffic Act ya 1997, ndipo milandu yambiri ya pamsewu imathera pa chindapusa. Bodza lija lili m'buku lina, Penal Code, momwe muli milandu ya kuba ndi chinyengo. Gawo 122 limaletsa kuuza wogwira ntchito m'boma zinthu zimene iwe mwini ukudziwa kuti si zoona, pofuna kuti achite kapena aleke kuchita chimene akanachita atadziwa zoona zake, kapena kuti mphamvu zake zivutitse munthu wina. Nkhani yanu ikukhudza mbali zonse ziwiri: wapolisi anakulolani kupitiriza ulendo poganiza kuti laisensi muli nayo, ndipo dzina limene lili m'buku lake ndi la munthu amene sanali pamalopo. Chilango chake chikhoza kukhala chindapusa, ndende, kapena zonse. Kuonjezera apo, gawo 389 limanena za kudzitcha munthu wina, wamoyo kapena womwalira, ndi cholinga chonyenga.

Dziwani kuti lamuloli likufuna bodza ladala. Amene wasokoneza tsiku limene inshulansi yake ithere, kapena amene amakhulupiriradi kuti COF, chikalata chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, idakali bwino, sananame. Boma liyenera kuonetsa m'khothi kuti munthuyo ankadziwa. Koma palibe amene amaiwala dzina lake, choncho pa nkhani yanu umboni sungavute.

Pali ena amene amapitirira apa. Kutulutsa laisensi yopanga kuseri, kapena kumata disiki yachinyengo pagalasi, ndi mlandu wa gawo 360, ndipo woonetsa chikalata chabodza mwadala amalangidwa ngati amene anachipanga. Kunena kuti "ndine wa boma" usali ndi mlandu wa gawo 99. Choopsa kwambiri ndi kusinthana mpando ngozi ikachitika: mboni zimakhala zaona amene watuluka khomo la dalaivala, ndipo kampani ya inshulansi ikatulukira bodzalo ikhoza kukana kulipira zimene mukupempha.

Mabodza otere sakhalitsa masiku ano. Malaisensi ndi kaundula wa galimoto zili m'makina a kompyuta otchedwa MalTIS ku DRTSS, nthambi ya boma yoona za pamsewu, pamodzi ndi chithunzi ndi zidindo za zala. Za mowa ndiye musayese n'komwe. Mungalumbire kuti simunalawe, koma akakupatsani kachipangizo kopumiramo kaja, manambala ayankha okha.

Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi kusiyana kwa kukhala chete ndi kunama. Akakuimitsani, dzina lanu lenileni, komwe mumakhala ndi laisensi muyenera kupereka. Koma gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu womangidwa ufulu wokhala chete, wosakakamizidwa kuvomera mlandu, ndi wolankhula ndi loya. Munthu akhoza kunena mwaulemu kuti, "Bwana, zinazo ndiyankha loya wanga alipo." Ufulu wopeka nkhani mulibemo m'menemo.

Ndiye mutani? Musadikire kuti apolisi afike pakhomo pa akulu anu. Muyambe mwaonana ndi loya. Ngati thumba silikulola, pitani ku Legal Aid Bureau, ku Blantyre kuli ofesi yawo. Kenako mupite kupolisi kumene anakuuzani tsiku lisanapitirire, mutatenga chitupa chanu cha unzika ndi wachibale woti akhoza kukuimirani pa belo, mukakonze dzinalo. Akalemba sitetimenti, muiwerenge yonse musanasaine. Ngati yalembedwa m'Chingerezi chimene simukuchimva bwino, pemphani akuwerengereni m'Chichewa, ndipo pamene palakwika pakonzedwe inu mukuona. Ambiri amagwa pamenepa, chifukwa chimene wasainira ndi chimene chidzawerengedwe pamaso pa majisitireti.

Sitikulonjezani kuti akusiyani. Akhoza kukutsegulirani milandu yonse iwiri. Akakutsekerani m'chitokosi, lamulo likuti muonekere m'khothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba la khothi ngati maolawo athera pa nthawi imene makhothi sagwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakuuzeni mtengo wake. Pogamula chilango, makhothi amaganizira ngati munthu ndi woyamba kupalamula, ngati wavomera msanga, ndiponso ngati anadzipereka yekha, ndipo n'chifukwa chake tikuti mupite mwamsanga.

Wina akakunong'onezani zoti mungopereka ya fanta nkhani ife, mukane. Pa Corrupt Practices Act, wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ali pa mlandu umene chilango chake chimafika zaka 12 m'ndende. Ndalama iliyonse ya chindapusa imene mungalipire, mutengere lisiti la boma ndipo mulisunge.