Nyimbo za anthu opeka a kumpoto m'masewera a RPG

Mwatilembera imelo kuti mumatsogolera masewera a RPG apatebulo (momwe wosewera aliyense amakhala ngati munthu wa m'nkhani yopeka), mwapeka mtundu wa anthu oweta ziweto m'dziko la chipale chofewa, ndipo mukufunsa kuti nyimbo zawo zizimveka bwanji.

Ng'oma zikuluzikulu zankhondo zisiyeni kaye, zimenezo n'zam'mafilimu. Yambani ndi zomwe anthuwo ali nazo pakhomo: mitengo, nyanga, zikopa ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi. Ku Finland kuli kantele, kabokosi kamtengo komwe kakale kanali ndi nsambo 5 zokha. Kulinso jouhikko, ya nsambo ziwiri kapena zitatu zaubweya wa hatchi, yoimbidwa ndi uta. Ku Norway abusa ankaliza bukkehorn, nyanga ya mbuzi yoboola timabowo. Sankhani ziwiri basi. Mukaunjika zonse, osewera sadzazindikira kuti afika m'dera la anthu amenewa.

Kaimbidwe ndiye pagona nkhani. Tengani manotsi 5, monga D, E, F, G, A, osapitirira. Nsambo imodzi izingolira D mosalekeza pansi pa nyimboyo. Kulira kosasinthaku ndi kumene kumapereka kamvekedwe kachikale, ndipo mukayamba kusinthasintha makodi (manotsi angapo olizidwa pamodzi) ngati pagitala, imasanduka nyimbo yapawailesi. Mawu atsate njira ya nyimbo zamakedzana zotchedwa runo za ku Finland ndi Karelia (dera la m'malire a Finland ndi Russia): mzere uliwonse maphatikizo 8, wotsogolera ayimbe, ena abwereze mzere womwewo, kenako mzere wotsatira unene mfundo yomweyo m'mawu ena. Mizere 4 ndi yokwana, osewera aloweza.

Nyimbo iliyonse ikhale ndi ntchito yake. Ku Sweden amayi oweta ng'ombe kumapiri ankaziitana ndi kulning, mfuu yokwera kwambiri yomveka kutali, nthawi zambiri yopanda mawu. M'masewera anu mfuu yotere ingachenjeze mudzi kuti adani ayandikira.

Joik, yomwe ndi nyimbo yamakolo ya Asami (anthu a kumpoto kwa Norway, Sweden, Finland ndi Russia), musaikopere chisawawa. Eni ake alipo, ndipo amishoni ankailetsa n'kuwatenthera ng'oma zawo. Bwerekani ganizo lokha loti munthu aliyense ali ndi kanyimbo kakekake.

Pojambula nyimbozi, bangwe alowa bwino m'malo mwa kantele, kaligo m'malo mwa jouhikko. Poika nyimbo patebulo, ikani yopanda mawu ndi motsitsa, chifukwa ya mawu imalimbana ndi wolongosola nkhani. Ya mawuyo aziyimba osewera okha, pa maliro kapena pa phwando la m'nkhaniyo.